Mutu wa Makina, Mutu wa Banja

Atelala anali ndi mapini atatu kukamwa, akupinda mpendero wa yunifolomu ya mwana wa eni, pamene mlamu wawo anakankha chitseko cha chipinda chosokera osagogoda n'komwe. Anali mkulu wake wa malemu amuna awo, bambo wa mimba yaikulu ndi matumba opanda kanthu, amene msewu wonse unkamutcha Amawa chifukwa ntchito iliyonse ankati aiyamba mawa.

"Alamu, malizani msanga kansaluko. Makinawa apeza wogula, abwera mawa."

Mapini aja anagwera pansi. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu chimwalirire amuna awo. Iwo ndi mwana wawo wamkazi anatsala m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya apongozi, ndipo makina opalasa ndi phaziwo ndi amene ankadyetsa khomo lonse: apongozi odwala shuga, mwana wa sukulu, ndi mlamu yemweyo.

"Mugulitse makina? Ndiye tizidya chiyani, ulusi?"

Amawa anawasonyeza foni mwachisangalalo. "Werengani apa. Boma likugawa ndalama zosabweza! Dzina langa latuluka ngati mutu wa banja lino. Chatsala n'kutumiza kandalama kotsegulira failo basi. Zikalowa ndikugulirani makina amagetsi awiri, enawo muzikhalira ngati mpando."

"Boma lake liti, alamu, lopempha kaye kwa wosauka kuti limuthandize?"

"Mukudziwa chiyani za boma inu? Munalowako mu ofesi chibadwire?"

Phokosolo linaitana apongozi, amene anabwera akugwirira khoma. Atelala anagwada pamapazi awo, misozi ili chuchuchu. "Amayi, ndilankhulireni. Mundilande mbale, mundilande bedi, koma makinawa ayi. Akapita, mdzukulu wanu asiya sukulu. Mankhwala anu ndigula ndi chiyani?"

Apongoziwo anayang'ana kumbali. "Makinawa anagula ndi mwana wanga, sunabwere nawo kwanu. Mwamuna watsala pakhomo pano ndi uyu. Mutu ndi mutu, mvera."

Amawa anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pa msomali.

Kutacha, mwana atapita kusukulu, Atelala anatenga mpeni wa patebulo n'kuyamba kumasula zomangira. Makina otere ali ndi zigawo ziwiri: pansi pali tebulo ndi chopondera, pamwamba pali chitsulo chakuda chija chokhala ndi singano ndi gudumu, chimene atelala onse amachitcha mutu. Anachotsa lamba, ananyamula mutuwo, anaukulunga m'nsalu yakale n'kuusenza kuti wogula asaupeze. Unali wolemera ngati mwala. Anatulukira kuseri, n'kulunjika ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kuti akamve ndi makutu awo.

Mzere unali utafika kale pa msewu. Dzuwa linawomba, khosi linayamba kuwawa, koma katunduyo sanamutule poopa kuti wina angamupunthe. Mayi wina wogulitsa masamba amene anali patsogolo pawo anati iye wabwera kachitatu. Bambo wina wa ndodo anati zonsezi n'zabodza, amalandira ndi abale a mabwana okhaokha, koma pamzere sanachoke.

Nthawi ya nkhomaliro itayandikira anafika pa tebulo la kalaliki, mayi wa magalasi amene ankalemba osadzutsa nkhope.

"Pepani, ndimafuna kufunsa. Ndalama za boma akunenazi, zilipodi?"

"Zilipo, koma si zochuluka ngati mmene akunenera mumsewumu, ndipo si za aliyense. Ndi za amayi amasiye ndi ena amene akulera banja ndi ntchito ya manja awo. Olembetsa ndi ambiri, olandira ndi ochepa. Sindikulonjezani kanthu."

"Nanga yotsegulira failo ndi zingati?"

Apa kalalikiyo anaika cholembera pansi, navula magalasi. "Ndani wakuuzani zimenezo? Pafoni eti? Mayi, fomu ndi iyi, yaulere. Pano sitiimbira munthu foni kumupempha ndalama. Amenewo ndi akuba, sabata ino yokha abwera anthu asanu ndi mmodzi akulira. Mwatumiza kale?"

"Ayi."

"Mwapulumuka. Chiphaso chanu ndi kalata ya imfa ya amuna anu muli nazo? Bweretsani. Mutu wa banja ndani kwanuko?"

"Ndi alamu anga."

"Amagwira ntchito yanji?"

Atelala anayang'ana pansi. "Akuti ayamba mawa."

"Chakudya amagula ndani?"

"Ine."

"Fizi ya mwana? Magetsi? Akadwala munthu amathamanga ndani?"

"Ine ndemwe."

"Ndiye mukundisokoneza bwanji? Fomuyi sikufunsa amene ali ndi ndevu. Ikufunsa amene khomo likumudyera. Lembani dzina lanu apa." Kenaka analoza mtolo uja umene tsopano unali pamiyendo pawo. "Nanga icho mwachifungatira ngati khanda n'chiyani?"

"Ndi mutu."

"Mutu wa ndani?" kalaliki anadzidzimuka, mpando n'kubwerera m'mbuyo.

Atelala anafunyulula nsalu, chitsulo chakuda chija n'kuonekera. Ofesi yonse inafa ndi phwete, ngakhale bambo wa ndodo uja. Kalaliki anapukuta misozi ya kuseka nati, "Usungeni bwino mutu wanuwo. Lachisanu kubwera mnzathu kudzaona ngati mumasokadi. Akupezeni mukusoka. Akapeza chipinda chopanda kanthu, fomu yanu yathera pomwepo."

Anabwerera kunyumba miyendo ikupepuka. Koma atatsegula chitseko cha chipinda chosokera, anachipeza chopanda kanthu. Pamene pankakhala makina panali madontho anayi oyera pa simenti, mmene munkaponda miyendo ya tebulo. Tebulo kunalibe, chopondera kunalibe, ngakhale lamba.

"Wakuba uja wabwera!" anakuwa Amawa ali pabalaza, akuloza Atelala. "Mwandichititsa manyazi pamaso pa wogula! Munthu wabwera ndi ngolo, ndikumupatsa thupi lopanda mutu? Wandipatsa theka lokha. Chikhala kuti amayi sanawonjezere, mwayi ukanatidutsa."

Atelala anatembenukira kwa apongozi amene anakhala pa mpando, manja ali pamiyendo. "Mwawonjezera ndi chiyani, amayi?"

"Ija unandipatsa ya mankhwala a mwezi uno. Akuti pofika madzulo zikhala zitalowa."

Atelala anatula mutu wa makina patebulo lodyera, mbale zinalira. Anatembenukira kwa Amawa. "Imbani, alamu. Imbani pompano, tonse timve."

Amawa anaimba monyada, nakweza mawu a foni. Anayankha mwamuna wa mawu osalala ngati mafuta. Anati failo yatseguka bwinobwino, zikomo kwambiri bwana, kwangotsala kena kochepa ka msonkho.

"Mufunseni ali mu ofesi iti," anatero Atelala mokweza. "Chitseko cha nambala chani? Ine ndachokera komweko, ndibwere ndi kandalamako pamanja."

Foni inaduka. Amawa anaimbanso, sinalowe. Anaimbanso kachitatu, kachinayi, thukuta likutsikira m'kolala. Anatuluka panja kuti mwina ndi netiweki, anakwera pa njerwa, anabwerera nkhope itagwa.

"Mwamukwiyitsa ndi inu! Pakamwa panupo!"

"Ndamukwiyitsa ine?" Apa Atelala anaphulika, zonse za miyezi isanu ndi itatu zinatuluka. "Mng'ono wanu atagona m'chipatala, ankamusambitsa ndani? Inu munkati mubwera mawa, mpaka munabwera pa maliro! Malaya mwavalawo ndinasoka ine. Chimene mwadya m'mawa uno chinatuluka pa singano iyi. Ndalama za boma zilipodi, alamu, zaulere, ndipo dzina lalembedwa ndi langa. Koma Lachisanu akufuna adzandipeze ndikusoka. Ndisokera pa chiyani? Pamimba panupo?"

Analowa kuchipinda akulira mokweza, nayamba kuponya zovala zawo ndi za mwana m'chikwama. Anali atatsimikiza zopita kwa mchemwali wawo, kukagona ngakhale pakhonde.

Atatuluka ndi chikwamacho anapeza apongozi ataima pakhomo, atatambasula manja kugwira mafelemu onse awiri. Nkhalambayo inkalira ngati mwana.

"Mwananga, ukachoka ndifa ine. Ndinaona ndevu, sindinaone manja. Ndikhululukire."

"Ndikhala bwanji, amayi? Makina alibe miyendo."

Apongoziwo anayang'ana mutu uja patebulo. Kenaka anapita pang'onopang'ono, naika dzanja lawo lamakwinya pa gudumu, nalizunguza. Singano inatsika, inakwera, inatsikanso.

"Miyendo ilibe, koma manja anga alipo. Mayi anga ankasoka chonchi, ine ndikupukusa. Khala pansi, bweretsa yunifolomu ija." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, upite kwa wogula uja. Kaya umusenzera katundu mwezi wathunthu, kaya umugwadira, tebulo lija libwerere pano. Usanalibweze, mbale yako m'nyumba muno mulibe."

"Ndipita mawa, amayi."

"Lero!"

Chitseko chinatsekeka, koma ulendo uno mwakachetechete.

Lachisanu m'mawa kunabwera bambo wa chikwama cha mapepala. Anapeza mutu wa makina utamangidwa ndi zingwe pa tebulo lodyera, mayi wina akuyendetsa nsalu pansi pa singano, nkhalamba ili pambali ikupukusa gudumu, thukuta lili kamukamu, mayunifolomu asanu otha atapachikidwa pa chingwe. Anatsegula fomu.

"Mutu wa banja lino ndani?"

Atelala anatsegula pakamwa mwa chizolowezi, maso akupita ku mpando wa mlamu umene unali wopanda munthu. Koma apongozi anawatsogolera, dzanja osalichotsa pa gudumu.

"Ndi uyu akusokayu. Lembani msanga bambo, mukutichedwetsa, ya chisanu ndi chimodzi ikufunika masana."