Amalume a Swadick Anabwera ndi Tepi

Hidaya anakumana ndi Swadick pamzere wa ku banki, m'tauni ya Mangochi, tsiku lomwe anauzidwa kuti akapanda kulongosola ngongole, nyumba yake ya ku Nkopola ipita pa okushoni. Nyumbayo anaimanga ndi malemu mayi ake ndi ndalama za banki, n'kuikamo alendi. Madzi a m'nyanja atasefukira alendi onse anathawa, ngongole n'kutsala.

"Chemwali, maso okongola chonchi asamanyowetse simenti ya eni ake," anatero mnyamata wa kumbuyo kwake, akumupatsa kampango. "Ndine Swadick, ndimagulitsa malo ndi nyumba. Chavuta n'chiyani?"

Hidaya anakhuthula zonse. Munthu wosweka mtima amasankha womuuza ngati?

Basitu, mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

"Nyumba ya mayi sipita kulikonse ine ndili moyo. Ndidzakhala mkamwini m'menemo, uone."

"Ku banki usapitenso, switi. Ndili ndi anthu anga mkatimo."

Hidaya anamukonda, anamukonda zenizeni, mpaka ku banki kuja anasiyadi kupondako.

Tsiku lina Swadick anaimba foni. "Loweruka ndikubwera ndi amalume kudzafunsira mbeta."

"Ii! Koma ankhoswe amafikira kwa amalume anga, a Mustapha, osati kwa ine."

"Akufuna aone kaye pomwe mphwawo adzakhale, mtima wanga. Enawo usawauze msanga."

Hidaya anavomera pakamwa pokha. Mbeta ya kuti yofunsiridwa popanda mwini mbumba? Anawaitana ndithu a Mustapha, n'kuphika mpunga wa pilawu ndi chambo.

Alendo anafika pa galimoto yonyezimira. Swadick atangoona a Mustapha pakhonde, thukuta linati kamukamu.

"Asalamu alaikumu," anatero a Mustapha.

"Zikomo, zikomo," anayankha amalume a Swadick aja, n'kulowa m'nyumba ndi nsapato zomwe. Anagogoda makoma, anasuzumira kudenga, anafunsa pomwe madzi analekezera. Za mtsikana, olo liwu limodzi! Kenaka anatulutsa tepi m'thumba n'kuyamba kuyeza chipinda chogona.

A Mustapha anakokera Swadick panja kuti amufunse bwino. Hidaya anagwada pakhomo la chipindacho.

"Amalume, chakudya chakonzeka."

"Amalume?" bamboyo anadabwa. "Ine ndine Jeremiya, ndachokera ku Lilongwe kudzaona nyumba. Amuna anuwa akuti mwagwirizana zogulitsa banki isanalande. Dipoziti ndinawapatsa kale."

Mutu wa Hidaya unazungulira. Amuna ake? Kugulitsa? Anadzuka n'kutulukira pakhonde.

"Swadick, amalume ako akufuna dipoziti yawo."

"Hida wanga, tamvera kaye! Ndimafuna ndikupulumutse. Tikanagula kanyumba kena ku Monkey Bay, ife awiri..."

"Unandiletsa kupita ku banki kuti ngongole ikule, ndisowe kolowera, ndigulitse motchipa. Ndikunama?"

Hidaya analoza kuchipata.

"Ndinakukonda, Swadick. Mpaka pano mtima ukundiwawa. Koma tuluka pa mpanda wa mayi anga!"

A Jeremiya anamugwira Swadick pakolala n'kumukankhira m'galimoto, akutchula za polisi.

"Nanga tsopano, mwanangu?" anafunsa a Mustapha.

"Lolemba mundiperekeze ku banki, ndikawachonderere ndekha. Ine ndisamukira m'khitchini ya panjayi, nyumba yonse ilowe alendi. Ndigulitsa usipa, ndigulitsa mandasi, koma ndibweza."

Foni inalira. "Ndimakukondabe, duwa langa."

Hidaya anatenga chitini cha penti yotsala, n'kupita kukhoma loyang'ana kumsewu. Misozi inkamutchinga m'maso, zilembo zinkapindika, koma sanasiye mpaka anamaliza kulemba:

NYUMBA INO SIYOGULITSA.