Mphaka wa Khutu Lodulidwa

Azakhali ananyamula pepalalo kachitatu n'kupita nalo pazenera. Sanayamikire, sanadzudzule, anangoliyang'ana atatsinzina diso limodzi. Kamphepo, mwana wamkazi wa mchimwene wawo, anaima pafupi ndi makina osindikizira m'shopu ya azakhaliwo.

Chinali chikuto cha buku la ana limene sukulu ina inawapatsa kuti asindikize. Azakhali anali atalonjeza kuti chikutocho chikakoma, Kamphepo asiya kudula mapepala, akhala patebulo la kompyuta, ndipo dzina lake lilembedwa pabukulo ngati wojambula. Koma lamulo la m'shopumo linali limodzi: chithunzi chilichonse chidziwike mwini wake.

Chikutocho chinakomadi. Panali mtsikana akuwerenga pakhonde, ndipo pamapazi pake pagona mphaka wodulidwa khutu lamanzere. Vuto linali loti mwezi wathawo Kamphepo yemweyu anajambula galu, anthu n'kumafunsa ngati inali mbuzi. Dzina la Kamphepo analipeza chifukwa chochita zinthu mothamanga, osati mwaluso.

"Wajambula wekha?" anafunsa azakhali.

Iye anati eya, kungoti pulogalamu ya AI, ija imapanga zithunzi munthu akaiuza, inamuthandiza pang'ono kukongoletsa. Azakhali anagwedeza mutu, koma diso lija silinatseguke. Iwo ankakhulupirira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa wonse ankangomuponyera timafunso: wayamba ndi pensulo kodi? Nanga pepala loyeserera lili kuti? Kamphepo anayankha kuti analitaya. Azakhali anapita kukasuzumira m'bini, osabisa n'komwe.

Masana anaitana a Penti, mkulu wolemba zikwangwani amene shopu yake inali khomo lotsatira, ati adzaone ngati mitundu yakhala bwino. A Penti ndiwo anamubwereka Kamphepo kope lawo la zithunzi, lachikuto chakuda, kuti aziphunzirirapo. Zithunzizo anali asanazionetse kwa wina aliyense. Ankazisunga kuti tsiku lina adzatulutse buku lawolawo.

Mkuluyo analowa akupukuta zala pa ovololo yake. Anavala magalasi, n'kuwerama. Anachiyang'anitsitsa chikutocho.

"Mwanawe," anatero mofatsa, "mphakayu khutu linatani?"

Kamphepo anati anangoganiza kuti aoneka bwino choncho.

"Anakodwa pa waya wa mpanda. Anali wa malemu mkazi wanga. Ndimamuika pachithunzi chilichonse cha m'kope lija."

Azakhali sanadabwe. Anangopinda manja n'kutembenukira kwa Kamphepo, ndipo apa bodza linasowa pothawira. Mtsikanayo anaulula zonse misozi ili m'maso. Anajambula masamba onse a kopelo ndi foni, n'kuwalowetsa mu pulogalamu ija, n'kuiuza kuti ipange chikuto chofanana nawo. Mphakayo sanamupemphe, anangotulukira yekha. Iye ankaona ngati si kuba, popeza kopelo linali bwinobwino m'chikwama mwake, palibe tsamba linang'ambika. Komanso chithunzicho chinali chatsopano, chopangidwa ndi makina.

"Makinawo anabwera kudzandipempha?" anafunsa a Penti.

Sanakalipe, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupweteka kwambiri Kamphepo. Akanakonda kukalipiridwa. Anapepesa, nati achifufuta chikutocho pompo. Anathamangira pakompyuta, anachifufutadi, anafufutanso zithunzi zonse za mufoni, n'kuwaonetsa a Penti kuti aone okha. Kenako anatulutsa kope lija n'kulipereka ndi manja awiri.

A Penti analilandira, napenda masamba limodzilimodzi ngati munthu woona bala. Atafika kumapeto anakweza maso.

"Kope wabweza, zikomo. Nanga zimene unalowetsa kujazo, ukazitenga liti?"

Kamphepo anayang'ana foni yake. Sankadziwa kumene zithunzizo zinapita, amene akuzisunga, kapena ngati mawa mphaka uja sadzatulukira pachikuto cha munthu wina wosadziwa n'komwe za waya wa mpanda.

Mkuluyo anamanga kope lake ndi kachingwe, nalipanira kukhwapa. Ali pakhomo anatulutsa pensulo yofupika m'thumba n'kuisiya patebulo lodulira mapepala.

M'mawa mwake azakhali anaimbira foni kusukulu kuja kupempha sabata ina. Kamphepo anabwerera kodula mapepala. Pa nthawi yopuma ankatola zodulidwazo n'kumajambulapo ndi pensulo ija. Galu wake ankaonekabe ngati mbuzi, koma anali wake.

A Penti ankamupatsabe moni tsiku lililonse akamadutsa pazenera. Kope lakuda lija sanalitulutsenso.