Tchipisi Choyamba cha Kapsereza

Amene lero amameza malovu akamakumbuka tchipisi cha pa shopu ya pakona ija anaiwala kuti mwini wake anayamba ndi chiwaya chimodzi pansi pa malata adzimbiri. Anthu ndi otero, amasunga kukoma kokha. Ndi omwewonso amene anamupatsa dzina loti Kapsereza, chifukwa mafuta ake ankakhala akuda ngati oilo wa galimoto, ndipo tchipisi chinkatuluka chopserera kunja, m'kati chikadali chachiwisi. Ndalama zogulira mafuta atsopano analibe. Mkazi wake ankasenda mbatatesi ndi mpeni wopanda chigwiriro mpaka zala kuchita matuza, koma madzulo theka la tchipisi linkabwerera kunyumba litazizira.

Tsidya la msewu kunali wokazinga mnzake amene anthu ankamutcha Wamagalasi, chifukwa anali ndi kabokosi ka magalasi koonetseramo soseji ndi nkhuku. Kumeneko anthu ankaima pamzere. Kapsereza ankangoingitsa ntchentche ndi katoni, maso ali tsidya, nsanje ikumudya m'kati ngati chiswe.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaphonya pa Kapsereza: mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, wowotcherera zitsulo. Anali munthu wamimba, woseka ndi thupi lonse. Chiwayacho anapanga ndi iyeyo, osapempha kanthu. Tsono ntchito ya tchipisi ili ndi kachitidwe kake. Moto ukayaka m'mawa, umaponya kaye tchipisi chodzaza dzanja kuti uone ngati mafuta afika, ndipo chimenechi sichigulitsidwa. Mlamuyo ankadutsa nthawi yomweyo popita ku ntchito.

"Alamu, msonkho wa chiwaya changa!" ankafuula akadali patali.

Ankadya ataimirira, chopserera chomwecho, n'kupukuta pakamwa. "Zikomo alamu, lero ndiye mwakazinga." Linali bodza, koma bodza la munthu wachikondi.

Wogulitsa mbatatesi wina ndiye anamunong'oneza Kapsereza za sing'anga wokhala kuseri kwa chigayo. Kapsereza anapitako masana dzuwa likuswa mtengo. M'chipindamo munalibe mikanda kapena nthenga, munali tebulo ndi mipando yoyera ndi fumbi la ufa. Mwini wake anali bambo wa malaya osita bwino, akusenda lalanje. Chigayo chinkalira kuseri kwa khoma moti wodutsa panja sakanamva kanthu.

"Mwalowa ndi fungo la mafuta otopa, achimwene," anatero sing'angayo.

"Wotopa ndine, ang'anga. Wa tsidya uja ali ndi manja awiri ngati ine. Bwanji iye akudya, ine ndikuyasamula?"

"Mukufuna iye agwe, kapena inu mukwere?"

"Ndikwere."

"Kugwetsa munthu n'kopepuka. Kukwera kumadya."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kanthu kosokerera m'chikopa, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anati akawotcherere kunsi kwa chiwaya. Mafuta sadzatsikanso, sadzadanso, ndipo wolawa kamodzi adzabweranso ngakhale mvula ikugwa.

"Koma chiwaya chopereka mafuta chimafunanso pokawatunga," anapitiriza, akulavula njere ya lalanje m'dzanja. "Tchipisi chanu choyamba amadya ndani?"

Kapsereza anayang'ana pansi. "Agalu."

"Galu sathokoza, achimwene. Chizidya munthu wokudalirani, wodya osanunkhiza, wonena zikomo."

"Ndiye chimuchitikire n'chiyani?"

"Aonda. Ndi wonenepa?"

"Ndi wonenepa."

"Nanga mukudandaula chiyani?"

"Ndi munthu mmodzi basi?"

"Mmodzi basi."

Kapsereza anatuluka kanthuko kali m'thumba la malaya, akudziuza kuti kuonda si imfa, ndipo munthu wamimba ngati ija kuchepako pang'ono n'kumuthandiza. Choipa kwambiri n'chakuti anapita nacho chiwayacho kwa mlamu yemweyo kuti akamuwotcherere.

"Kachikopa aka n'kachiyani, alamu?"

"N'kodzitetezera kwa ansanje."

Mlamuyo anaseka mpaka kukhala pansi. "Ansanje? Akukuchitirani nsanje ndani, ntchentche?" Anatsitsa galasi lake kumaso, n'kukatsekera kanthuko ndi kachitsulo, mosamala, ngati mmene ankachitira ntchito iliyonse ya m'bale.

M'mawa mwake mafuta anawala ngati uchi. Tchipisi chinatuluka chofiirira, chokhukhutika kunja, chofewa m'kati. Mlamu anadya choyamba, nthawi ino osanama. Mwezi usanathe mzere unawoloka msewu. Wamagalasi anayesa kuwonjezera kabichi ndi tsabola, anayesa kutsitsa mtengo, mapeto ake anakweza kabokosi kake pa wilibala n'kusamuka.

Pamalo pa malata adzimbiri panamangidwa shopu ya njerwa, ya matailosi oyera, mabenchi, firiji ndi wailesi yosazima. Oyendetsa matakisi ankadyera pomwepo injini zikulira. Aphunzitsi ankatuma ana asukulu. Maukwati angapo a m'makwalala amenewo anayambira pa benchi ya pafupi ndi zenera, anthu awiri akulimbirana foloko imodzi. Dzina la Kapsereza linafa, aliyense ankati abwana. Anagula ziwaya zina zatsopano za antchito, koma chakale chija chinakhala pakati, ndipo moto wake ankayatsa yekha. Antchito ankadabwa kuti chigubu cha mafuta a chiwayacho sichitsegulidwa, koma wantchito wokhuta safunsa.

Mlamu anaboola lamba wake bowo lina, kenako linanso. Poyamba ankaseka kuti wabwerera ku unyamata. Kenako khungu linayamba kung'aluka ngati khoma losakhutira simenti, milomo inauma, ndipo ankamwa madzi ndowa yathunthu ludzu osatha. Kuchipatala anamuyeza magazi, anamujambula, sanapeze kanthu. Ankabwerabe m'mawa uliwonse, akugwira makoma, mawu a msonkho aja akutuluka ngati kunong'ona.

Tsiku lina Kapsereza, ataona mikono ya mlamu wake itasanduka timitengo, anataya tchipisi choyamba m'ngalande n'kumupatsa cha m'chiwaya china. Dzuwa lisanafike pamutu mafuta anachita thovu, anatsika mpaka chitsulo kuonekera, ndipo fungo linali la nyama yovunda. Ogula anasiya mbale zodzaza pamatebulo. Mawa lake mlamu sanathe kudzuka. Kapsereza anavundikira tchipisi choyamba m'mbale n'kupita nacho yekha kunyumba kwa wodwalayo.

Anachita zimenezo mpaka mapeto, ndipo anthu ankamuloza ndi chala chomutamanda. "Mlamu ndi uyu! Bwana wathunthu kunyamula mbale yekha!" Mkazi wake ankalira ndi kuthokoza. Wodwalayo ankatafuna pang'onopang'ono, n'kumugwira dzanja.

"Zikomo alamu. Mlongo wanga ndamusiya m'manja abwino."

Bokosi linali lokongola, logula Kapsereza. Onyamula ananong'onezana kuti linali lopepuka ngati mulibe munthu.

Kapsereza anapuma, poganiza kuti walipira zonse. Koma maliro atangotha mafuta anayamba kuda. Anathamangira kuseri kwa chigayo.

"Ang'anga, munati mmodzi basi!"

"Ndinatero? Mwina ndi phokoso la chigayoli, limasokoneza makutu." Sing'angayo anapukuta ufa patebulo ndi chikhatho. "Inu mumadya kamodzi n'kukhuta moyo wonse? Kunyumba kulibe wina wokudalirani?"

"Kwatsala mkazi wanga yekha."

"Ndiye simunasowe."

Kapsereza anatukwana, anamenyetsa chitseko, analumbira panjira kuti bola shopu igwe. Ndipo anapirira ndithu kwa kanthawi. Mzere unafupika. Tsidya la msewu munthu wina anayamba kumanga kachisakasa. Kenako woyendetsa takisi wina anakankha mbale n'kunena mokweza, anthu onse akumva, "Aa, Kapsereza wabwerera!" Shopu yonse inaseka. Dzina limenelo linamulasa kuposa maliro a mlamu wake.

M'mawa wotsatira anaitana mkazi wake, amene ankakonza matebulo.

"Mayi, talawani ichi, mumve ngati mchere wakwana."

Mkaziyo anadya, misozi ili m'maso. "Zikomo bambo. Mwandikumbutsa achimwene."

Mafuta anawalanso. Kuyambira pamenepo mbale yoyamba inali ya mayi, ndipo masiketi anayamba kuwakhwepa m'chiuno. Kapsereza ankawagulira nsalu, mafuta odzola, zakumwa zozizira, koma kumaso sankawayang'ana.

Kenako panachitika chodabwitsa. Mkaziyo anasiya kudyera pashopu, ankati tchipisi akadyera kunyumba ndi tiyi. Patapita nthawi masaya anabwerera, khungu linasalala, koma mafuta m'chiwaya osatsika. Kapsereza anasangalala. Anati mwina mkazi wake ndi wa magazi olimba, chiwaya chamulephera. Ndiponso chikondi m'nyumba chinachita kusefukira. Akabwera kuchokera koyatsa moto ankapeza patebulo mazira okazinga pamodzi ndi mbatatesi zonyenya, buledi ndi tiyi wamkaka, mkazi wake atakhala pambali kumuyang'anira.

"Idyani bambo, mumagwira ntchito yolemetsa."

"Zikomo mayi. Akazi ngati inu anatha."

Buluku litayamba kugwa anati ndi kutentha kwa moto. Ludzu litayamba anati ndi mchere. Munthu amene anaona matendawo ndi maso ake kawiri konse sanawazindikire pathupi pake, chifukwa sanaganizepo kuti mkazi wosenda mbatatesi uja angadziwe kanthu. Miyendo itakana, anaphunzitsa mkaziyo kuyatsa chiwaya chakale, n'kumukumbutsa kuti asaiwale kudya choyamba, poti ndi chimene chikumupatsa thanzi. Anali chigonere, koma ankamuperekabe mkazi wake kwa chiwaya.

Masana ena anapempha madzi. Mkazi wake anamugwirizira kapu, iye n'kumwa mpaka kutsamwa, n'kupemphanso ena.

"Achimwene ankamwanso chonchi," anatero mkaziyo mofatsa.

Kapsereza anayang'ana mikono yake, kenako anayang'ana mbale ya mazira imene inali pampando. Apa m'pamene anazindikira kumene tchipisi choyamba chija chinkapita.

"Nditayamba kuuma," mkaziyo anapitiriza, "mnzanga wina ananditengera kwa bambo wa kuseri kwa chigayo kuti ndikapeze mankhwala. Ndisanakhale n'komwe pansi anati, mafuta awa ndikuwadziwa. Anandiuza zonse, bambo. Za kachikopa, za amene anakawotcherera, za mbale imene munkanyamula anthu akukuomberani m'manja."

"Anandilonjeza chinsinsi! Munthu uja ndi njoka!"

"Inunso munandilonjeza zambiri tsiku la ukwati."

"Anakuuzani kuti mundiphe?"

"Sanatero. Anangondifunsa ngati ndili ndi munthu wondidalira, wodya osanunkhiza. Ndinati ndili naye mmodzi."

Kapsereza anayesa kudzuka koma zigongono zinakana. Analira ngati mwana, misozi osatuluka poti m'thupi munalibe madzi. "Mkazi wanga weniweni! Ndakuvekani ine, ndakumangirani nyumba ya malata, ndakuchotsani pa mpeni wopanda chigwiriro. Mwandidyetsa imfa ndi manja anu, n'kumandiyang'ana ndikuthokoza?"

"Ndinaphunzira kwa inu."

"Lekani tsono, ndapota nanu. Kaitaneni munthu adule chiwayacho."

"Wodula zitsulo m'banja muno munamudya. Koma musade nkhawa, moto sindinayatse lero, ndipo sindidzayatsanso." Anatola mbale ija n'kuimirira. "Mwa inu mwatsalanso chiyani choti chitunge?"

Kapsereza anafa sabata yomweyo, pakamwa pali pululu, akuitana madzi. Mpaka mpweya womaliza ankadandaula kuti anthu amuchita chipongwe, sing'anga ndi mkazi, ndipo dzina la mlamu wake sanalitchule ngakhale kamodzi.

Shopu sinatsegulidwenso. Mafuta a m'chiwaya anauma n'kusanduka phula lonunkha moti ofuna kugula malowo ankabwerera pakhomo atatseka mphuno. Antchito anagawana mabenchi ndi firiji, akuba anazula malata ndi mazenera, mbuzi zinayamba kugona pa matailosi. Mkaziyo sanatenge ngakhale supuni. Anabwerera kwa abale ake, kumene akuti sadyanso chakudya chophika munthu wina, ndipo akaphika yekha palibe amene amalandira. Amene sanaonde pa nkhani yonseyi ndi sing'anga yekha. Anagula chigayo chija.

Choncho inu amene maso anu amakhala tsidya la msewu, mverani. Umphawi umaluma, palibe akukana, koma sudzakupemphani m'bale wanu. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi amene amakukondani, chifukwa ndi okhawo amene angadye cha m'manja mwanu osafunsa, ndipo akatha iwowo chimatembenukira kwa inu. Dyera lilibe m'bale. Bola kugona ndi njala uli ndi anthu ako, kusiyana ndi kukhuta n'kumaopa mbale ya m'nyumba mwako momwe.