Chotchinga Lamba cha pa Nsaru

M'mawa wina a Obadiya atatsekula chigayo chawo cha pa Nsaru, anapeza chotchinga lamba chabwerera pamalo pake. Chinali chitsulo cha mawaya chimene anachichotsa okha kalekale, ati chinkachedwetsa ntchito lamba akavuka. Chinkakhala kuseri kwa matumba a gaga, ndipo chinali komweko tsiku limene lamba anakola malaya a Zakeyo, wantchito wawo, n'kumukokera m'makina. Zakeyo anatsirizika ali panjira yopita kuchipatala ku Namitete.

Tsopano chitsulo chija chinali chomangidwa bwinobwino, loko wa pakhomo ali chitsekere.

"Josephine, wagwira ichi ndiwe?" anafunsa mwana wawo, amene ankagayitsa m'malo mwa malemuyo popeza panalibenso mwamuna wofuna ntchitoyo.

"Ine ayi, ababa. Kiyi mumagona naye ndinu."

A Obadiya anachimasula chitsulo chija n'kuchiponya kuseri. Kutacha chinali chitabwereranso, ndipo zinapitirira choncho. Amayi odikira ufa anayamba kunong'onezana pamzere.

"Zakeyo akubwerabe kuntchito, eti."

"Nanga apita kuti? Si abwana ake anamukhwimira chigayo?"

A Obadiya anazimva, mtima unawawa, koma sanadzifunse chimene chinapha munthu. Anangofuna kudziwa amene akuwaseweretsa. Usiku wina anasiya kiyi pansi pa pilo n'kukabisala kuseri kwa khoma la chigayo. Mwezi kunalibe. Malata ankalira okha pozizira, fungo la dizilo ndi gaga lili m'mphuno. Agalu a pamsika atangoleka kuuwa, loko anatsekuka mwakachetechete. Kenaka chitsulo chinayamba kukwekwereka pasimenti pang'onopang'ono, chikuima, chikuyambanso, ngati wochikokayo analibe mphamvu zokwanira. Anamva waya akupotedwa. Anamvanso kupuma kwa munthu wolira mobisa, kuseri kwa njerwa zomwe anatsamira. Anakhala pomwepo mpaka kunja kutayera, ndipo kunyumba kiyi anamupeza pansi pa pilo.

Anatsimikiza kuti abale a Zakeyo awatumizira zinthu. Ananyamula chitsulo chija panjinga kuti akachipereke kwa okhoma mbaula.

Akazi awo, a Rute, anawaimitsa pabwalo. "Bambo ake a Josephine, mukanangochisiya pomwe chikufunapo."

"Ndisunge chithumwa cha anthu m'chigayo mwanga? Za makina si za akazi. Kasamaleni nkhuku."

A Rute anaweramitsa mutu, monga ankachitira zaka zonse za ukwati wawo.

Chitsulo chinadulidwa, usiku kunakhala bata. A Obadiya ankauza anzawo pagolosale kuti mizimu nayonso imadziwa mwamuna.

Nthawi yokolola itafika, mzere wa matumba unafika mpaka kumsewu. Madzulo ena Josephine anawerama kuti akokole ufa wotayikira pansi, mphonje ya chitenje chake n'kukhudza lamba. A Obadiya ali pakhomo anamva injini ikusintha kaliridwe. Kaliridwe kameneko anali atakamvapo kale.

Kuchipatala a Obadiya anakhala pabenchi ndi akazi awo, ufa uli mbuu m'tsitsi, magazi a mwana atauma pamalaya.

"Andipeza," ananong'ona a Obadiya. "A kwa Zakeyo andipeza."

"Palibe wakupezani," anatero a Rute osawayang'ana. "Chitsulo chija ndinkabwezera ndine. Ndinkatenga kiyi inu muli mtulo. Tsiku limene munabisala ndinakuonani mukutuluka, koma ndinapitabe, chifukwa m'mawa mwake mwana wanga amakaima pafupi ndi lamba."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Munandituma ku nkhuku."

Chitseko cha chipinda cha opaleshoni chinatsekuka. Namwino anatuluka n'kufunsa ngati bambo a mtsikanayo alipo, kuti adokotala awafotokozere za mwendo. A Obadiya anayesa kudzuka, koma a Rute anawagwira paphewa n'kuwakhazikanso pansi.

"Khalani," anatero. "Ndikamva ndekha."