Mpunga Pakhonde pa Merlene

Anthu a m'mudzimo anazindikira kuti Merlene sakutulukanso masana. Matewera a mwana wake Kezia ankayanika dzuwa litalowa, achule a m'phiri atayamba kulira, ndipo mumdimamo munkangomveka mapazi ake akukhwekhwereza pamatabwa a khonde. Dzuwa likamuwomba, zidzolo zinkabuka m'masaya ndi pamphuno, khungu n'kumasupuka. Tsitsi linkatsalira papilo.

Manong'onong'o anayamba akuti mkaziyo ndi sukuyani, wovula khungu usiku kukayamwa magazi a ana. Mwamuna wake anali kutali, pantchito ya m'sitima. Apongozi ake, mayi Eudora, ankabwera kudzavula Kezia ndi kumufufuza m'khosi, kuti aone ngati walumidwa.

Kuchipatala cha mumzinda wa Roseau anamutenga Merlene magazi katatu, anayeza mkodzo wake umene unkachita thovu, anaona zilonda za m'kamwa ndi zala zotupa. Dokotala anati matenda amene akuwaganizirawo sadziwika ndi kuyeza kumodzi, adikire kaye magazi ena amene atumizidwa kunja.

Usiku wina Merlene anamva kuti waa pakhonde, kenako zii. Atatsegula anapeza mpunga uli mbwee. Kezia anali atayamba kukwawa, chilichonse ankaponya m'kamwa, ndiye Merlene anagwada n'kuyamba kutola wolowa m'mipata ya matabwa, kambewu kamodzikamodzi. Anali pakati pa ntchitoyo pamene anakumbukira zimene aliyense amanena, kuti sukuyani sangadutse mpunga osautola wonse. Kuseri kwa nthochi kunamveka kupuma kwa munthu amene ankamusuzumira.

Kutacha, mayi Eudora anabwera ndi amuna awiri n'kumutenga mwanayo.

Zotsatira za magazi aja zinabwera patapita masabata atatu. Anali matenda a lupasi: thupi lake lomwe linkadziukira, ndipo impso zinali zitayamba kuwonongeka. Dokotala anamupatsa mankhwala, namuchenjeza kuti dzuwa likhoza kumugwetsa osadzukanso.

Madzulo omwewo Merlene anagogoda pazenera la apongozi ake.

“Amayi, ndi matenda. Alemba apa. Tsegulani ndimuone mwana wanga.”

“Pepala aliyense amalemba,” ananong'ona mayi Eudora, osatsegula. “Ngati ndiwe munthu, ubwere mawa masana, wopanda chipewa, uime pabwalo apa anthu akuone.”

Mkatimo Kezia anakhosomola ali m'tulo. Merlene anatsamira khoma, nafunsa ngati angabwere m'ma eyiti m'mawa, dzuwa lisanatenthe.

“Thwelofu,” anatero mayi Eudora.

Merlene anavomera.