Botolo la Kadzira

Chisamba anali kutsuka mbale, koma makutu ake anali kuchipinda komwe mayi ankanyengerera mng'ono wake kuti adye. Chiyambire mwanayo kudwala zilonda za m'matumbo, dzina la Chisamba linkamveka m'nyumbamo pakakhala ntchito basi. Mwa nsanje, iye anamupatsa mng'ono wakeyo dzina loti Kadzira, poti aliyense ankamugwira ngati asweka.

Chomwe chinkamuwawa kwambiri chinali botolo la mankhwala atsopano ochokera kuchipatala. Linali ndi malo akeake m'firiji, ndipo Kadzira sankatopa kulitamanda.

"Achemwali, adokotala akuti m'menemu muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tinavala chikhoto, ndiye asidi wa m'mimba satisungunula. Timayenda mpaka pachilonda penipeni n'kukatula mankhwala pomwepo. Koma tikatenthedwa timaundana, sitigwiranso ntchito."

"Ukatiuze kuti tikafika tikuimbire foni," anayankha Chisamba akukukuta mano.

Loweruka lina mayi ali kuntchito, Chisamba anabwera ndi chakumwa chomwe anapata pampikisano wothamanga kusukulu. Palibe amene anapita kukamuonerera. Atatsegula firiji anapeza modzaza yogati ndi zipatso za Kadzira zokhazokha. Mtima unamuwira. Anatulutsa botolo lija, naliika pawindo, chakumwa chake n'kulowa pamalopo.

"Nalonso liotheko dzuwa," anang'ung'udza. Madzulo analibwezera m'firiji lili lofunda ngati tiyi.

Sipanapite nthawi yaitali, Kadzira anayambanso kupindika ndi ululu, kuchimbudzi osachokako. Popita kuchipatala, Chisamba ndiye ananyamula chikwama cha mankhwala monga mwa masiku onse.

Dokotala atamupima wodwalayo anapukusa mutu. "Mayi, ndinkayembekezera zambiri pa mankhwalawa, koma zikuoneka kuti sakumuthandiza. Tiyambe kuganiza za opareshoni yodula mbali ya matumbo yomwe yawonongeka."

Mayi anagwira kukamwa, misozi ili chuchuchu. Chisamba anachita mantha. Iye ankangofuna kulanga botolo, osati kudulitsa munthu matumbo.

"Adokotala," anatero Chisamba, "nanga botololo litakhala padzuwa tsiku lonse?"

Dokotala analitenga m'chikwama, nalikweza kuwindo. Pansi pake panali zoundana ngati mkaka wosasa.

"Analiika padzuwa ndani?" anafunsa mayi.

"Ndine, amayi."

Mayi sanakalipe. Anangomuyang'ana, ndipo Chisamba analakalaka akanangomumenya. Dokotala anati opareshoni ayamba aiimitsa kuti ayesenso botolo lina, koma zilonda zinali zitakula, choncho Kadzira anagonekedwa.

Mayi atatuluka kukatenga mankhwala, Chisamba anakhala pamphepete pa bedi, maso ali pa diripi yomwe inkadontha pang'onopang'ono.

"Ndinakuonanitu tsiku lija, achemwali," anatero wodwalayo.

"Unandiona? Nanga bwanji sunanene?"

"Mumandida kale chifukwa cha botololi. Ndinkaopa kuti ndikakunenezani, ndiye simudzandilankhulanso."

Chisamba anatsegula pakamwa, koma dzina lachipongwe lija linakanika kutuluka. Anagwira kadzanja kowonda kaja ndi manja ake onse awiri.

"Mng'ono wanga," anatero, "tandiuzenso za tinthu tija. Ulendo uno ndikumvetsera."