Chimene chinkalira m'chipinda cha amayi

Maliro a bambo ake atangotha, makaniko wina anayamba kumva kanthu kakulira m'nyumba. Kankayamba anthu onse atagona, mdima utagwirana, furiji nayo itasiya kung'ung'udza. Kanali kaphokoso kowonda, kokwera ndi kutsika ngati ambulansi ikudutsa kutali kwambiri. Kankalira pang'ono, kenaka zii.

Anazimitsa mafoni onse. Anachotsa batire mu wotchi ya malemu. Usiku wotsatira kanaliranso, ndipo kankachokera kuchipinda kwa amayi ake.

Azakhali ake, alongo a malemu, amene anatsalira pamaliro n'kumayeza makatani ndi maso, anakamva nawonso.

"Wamva?" ananong'ona atamugwira mkono mumdimamo. "Ndi achimwene amenewo. Akanafa bwino sakanamalira chonchi. Uwafunse mayi akowo chimene anawadyetsa."

"Kagoneni, azakhali."

"Ife tidzagona iwo akachoka m'nyumba muno."

Posakhalitsa nkhani inafika kwa aneba. Ankati kulirako kumawatsatira amayiwo ngakhale kubafa. Abale omwe sanapondeko kuchipatala bambo akudwala anapangana tsiku lodzawatulutsa amayiwo m'nyumbamo.

Makaniko anayala matiresi pansi, pafupi ndi bedi la amayi ake, koma tulo sanatione. Kunja galu anauwa n'kuleka. Malata anathetheka. Kenaka kanthu kaja kanayamba. Anakwawa akutsata ndi khutu, monga amachitira injini ikamagogoda. Pansi pa bedi, ayi. M'sutikesi, ayi. Chakumtunda, m'bulangete. Khutu lake linakaima m'munsi mwa phewa lamanzere la amayi ake, pa chipsera pamene madokotala anaikapo kamakina zaka zapitazo, koti kaziwongola mtima ukayamba kuthamanga mosokonekera.

"Wakapeza," anatero amayiwo chapansipansi. Anali maso nthawi yonseyi.

Kutacha anawatengera kuchipatala. Namwino anaika chopimira pachifuwapo, n'kuyang'ana pa kompyuta.

"Batire yayamba kutha, mayi. Kamakinaka kamalira dala kuti mubwere nthawi ikadalipo. Mwachita bwino, tisintha. Kodi abambo aja sanakuuzeni? Tinawafotokozera zonsezi."

Bambo aja ndiwo ankalowa kwa dokotala, ndiwo ankafunsa mafunso, n'kusunga zonse m'mutu kuti mkazi wawo asamade nkhawa. Anapita nazo kumanda.

Makaniko anakhala pa benchi. Anayamba kuseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Atapezako mpweya anaimbira azakhali ake.

"Mzimu wanu uja ndi batire. Makataniwo muwasiye pomwepo, ndipo tikamabwera tisakupezeni."

Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa.

"Ine ndimayesa ndi bambo ako akundiitana," anatero. "Ndinali nditasita kale diresi yoti mudzandiveke."

Makaniko anapukuta nkhope ndi malaya ake onunkha oyilo.

"Adikire kaye. Diresiyo muvala nokha tsiku lotuluka muno."